Galu wachizungu: zizindikiro za woweta wodalirika

M'mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba malonda a tiagalu tachizungu afika ponseponse. Ena amatsatsa malondawa m'mbali mwa misewu atanyamula tiagaluto m'manja kapena m'makatoni, pomwe ena amangoika zithunzi pa Facebook ndi pa WhatsApp n'kulemba kuti German Shepherd, Boerboel kapena Rottweiler weniweni. Ogula ambiri amakhala akufuna mlonda wa pakhomo kapena bwenzi la ana, ndipo amalipira ndalama zambiri.

Vuto ndi lakuti kagalu ka masabata ochepa sikaonetsa zomwe kadzakhale kakakula. Pafupifupi kagalu kalikonse kamakongola, koma paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Matenda otengera ku makolo, mantha, nkhanza komanso tizilombo tomwe kalowa nato m'thupi sizioneka pa chithunzi. Pachifukwachi, ntchito yaikulu ya wogula ndi kusankha munthu amene wabereketsa kagaluko. Akapeza woweta wabwino, kusankha kagalu sikuvuta.

Kodi mtundu weniweni n'chiyani?

Galu wa mtundu weniweni ndi amene makolo ake, agogo ake ndi azigogo ena akumbuyo onse adali a mtundu umodzi, ndipo mzere wa makolowo udalembedwa m'kaundula wa bungwe loona za agalu. Mchitidwe wolemba agalu m'kaundula udakhazikika ku Ulaya. Bungwe la The Kennel Club la ku Britain lidayamba m'chaka cha 1873, pomwe la Kennel Union of Southern Africa, lomwe ambiri amalidziwa kuti KUSA, lidayamba mu 1891 ndipo likulu lake lili ku Cape Town. Mtundu wa German Shepherd udakhazikitsidwa mu 1899 ndi Max von Stephanitz, yemwe adayambitsa bungwe la mtunduwu ku Germany ndi kulemba galu wotchedwa Horand von Grafrath ngati woyamba m'kaundula. Boerboel ndi galu wa ku South Africa, ndipo kumeneko kuli bungwe la South African Boerboel Breeders' Society lomwe limayang'anira kaundula wake.

Izi zikutanthauza kuti maonekedwe paokha sapanga galu kukhala wa mtundu weniweni. Galu wa makutu oimirira ndi msana wakuda akhoza kukhala wosakanizika. Kusakanizikako si tsoka, pakuti agalu otere ambiri amakhala athanzi ndi okhulupirika. Cholakwika ndi kugulitsa galu wosakanizika pamtengo wa mtundu weniweni. Woweta wachilungamo amene alibe mapepala a kaundula amanena poyera kuti alibe, amaonetsa makolo a kagaluko, ndipo mtengo wake umagwirizana ndi zimenezo.

Pamene mapepala alipo, wogula ayenera kuwawerenga. Chikalata cha mzere wa makolo chimaonetsa dzina la bungwe, dzina ndi nambala ya galu, tsiku lobadwa komanso mayina a makolo a mibadwo ingapo. Agalu olembedwa m'kaundula kawirikawiri amakhala ndi microchip, kachipangizo kakang'ono ngati njere ya mpunga komwe kamaikidwa pansi pa khungu chakumapewa. Kachipangizoka kamasunga nambala ya manambala 15, ndipo dokotala wa ziweto amene ali ndi makina owerengera akhoza kutsimikiza ngati nambalayo ikufanana ndi ya papepala. Dzina limodzi likamaoneka kumbali ya make ndi ya bambo omwe, ndiye kuti agalu apachibale adakweretsedwa, zomwe zimachulukitsa matenda a kumtundu.

Komabe chikalatachi chimangonena za makolo. Sichitsimikiza kuti galu ndi wathanzi kapena kuti adaleredwa bwino. Zimenezo zimafuna umboni wina.

Matenda oyenda m'magazi

Mtundu uliwonse uli ndi matenda omwe umadziwika nawo, kaamba kakuti agalu a mtundu umodzi adachokera kwa makolo ochepa. Pakati pa agalu akuluakulu monga German Shepherd, Rottweiler, Labrador ndi Boerboel, vuto lofala ndi la mfundo ya m'chiuno, lomwe madokotala amalitcha hip dysplasia. Mutu wa fupa la ntchafu sukhazikika bwino m'malo mwake, kotero mfundoyo imakhulana ndi kuperepeseka. Galu amayamba kutsimphina, amavutika kudzuka, ndipo ena amalephereratu kuthamanga adakali aang'ono. Vuto langati lomweli limagwiranso zigongono za miyendo yakutsogolo. Mlonda amene sangathamange ndi chipsinjo kwa mwini wake, ndipo galuyo amakhala mu ululu moyo wake wonse.

Matendawa saoneka pa kagalu ka miyezi iwiri. Njira yochepetsera ngozi ndi kujambula makolo ndi X-ray asanakweretsedwe. Ku Britain chiuno chimapatsidwa malikisi oyambira pa 0 kulekeza pa 106, ndipo nambala ikachepa ndiye kuti chiuno chili bwino. Galu amajambulidwa atakwanitsa chaka chimodzi. M'maiko otsatira bungwe la agalu la padziko lonse la FCI amagwiritsa ntchito malembo A mpaka E, A kukhala chiuno chabwino ndipo E choonongeka kwambiri. Ku America ntchitoyi imagwiridwa ndi bungwe la Orthopedic Foundation for Animals lomwe lidayamba mu 1966.

Pali matenda enanso. German Shepherd akamakalamba amatha kufa ziwalo miyendo yakumbuyo kaamba ka nthenda ya mtsempha wa mumsana, ndipo pali njira yoyezera chibadwa cha makolo pofuna kudziwa ngati ali ndi mbewu ya nthendayo. Boerboel nthawi zina amabadwa ndi zikope zopindikira m'kati, kotero nsidze zimakanda diso. Labrador amatha kuchita khungu pang'onopang'ono. Agalu a mphuno zophwatalala monga Pug ndi French Bulldog amavutika kupuma, ndipo kutentha kwa mu Okutobala, makamaka kuchigwa cha Shire ndi m'mbali mwa nyanja, kukhoza kuwapha.

Si woweta aliyense m'dziko muno amene angaonetse zotsatira za X-ray. Koma woweta wodalirika amawadziwa matenda a mtundu umene akuweta, amawatchula yekha asanafunsidwe, ndipo amatha kunena mmene agalu omwe adagulitsa zaka zam'mbuyo akukhalira. Amene akunena kuti mtundu wake ulibe matenda alionse, mwina sakudziwa kapena akubisa.

Kukafika pakhomo ndi kuona make

Palibe chimene chingalowe m'malo mwa ulendo wa kumene kagalu kadabadwira. Woweta wabwino amalola wogula kufika, ndipo tiagalu timapezeka tili ndi mayi wawo. Akuluakulu adati make mbuu, mwana mbuu. Khalidwe la galu wamkazi limapita kwa ana ake kudzera m'magazi komanso m'kaleredwe. Mayi amene akunjenjemera pakona kapena akufuna kuluma aliyense, ngakhale mwini wake, amalera ana amantha. Ndipo galu wamantha ndi amene amaluma mwana wa pakhomo. Mlonda wabwino amakhala wodekha, wodzidalira ndi womvera mwini wake.

Mayi woyamwitsa amatha kuonda pang'ono ndi kuthothoka ubweya, koma sayenera kukhala wa nthiti zowerengeka, wa zilonda kapena wodzaza nkhupakupa. Mawere ake amaonetsa kuti wakhala akuyamwitsa, ndipo tiagalu timamuzolowera. Izi n'zofunika kuziona chifukwa ogulitsa ena amabwereka galu wooneka bwino n'kumamuonetsa ngati mayi. Bambo wa tiagalu kawirikawiri amakhala wa munthu wina, choncho kusapezeka kwake si chodabwitsa, koma woweta ayenera kunena mwini wake ndi kumene ali.

Funso lina ndi la msinkhu wa mayiyo ndi maulendo amene wabereka. Galu amakhala ndi bere masiku pafupifupi 63, ndipo ambiri amafuna amuna kawiri pachaka. Woweta wongofuna ndalama amakweretsa galu nthawi iliyonse mpaka thupi litatha. Pofuna kuthana ndi mchitidwewu, The Kennel Club salemba m'kaundula ana a galu amene adakweretsedwa asanakwanitse chaka, amene wafika zaka 8, kapena amene wabereka kale maulendo anayi. Malamulowa ndi a ku Britain, koma ndi muyeso wabwino kwa wogula wa kulikonse. Kwa mitundu ikuluikulu, oweta osamala amadikira kuti galu ayandikire zaka ziwiri.

Khola nalonso limalankhula. Likhale louma, la mthunzi, lopita mphepo, lokhala ndi madzi akumwa oyera. Fungo loboola mphuno, ntchentche ndi chimbudzi chamadzimadzi pansi ndi chenjezo lokwanira. Chimodzimodzi pakhomo pamene pali tiagalu ta mitundu isanu kapena isanu ndi umodzi nthawi imodzi, chaka chonse. Pamenepo ndi pa msika, pakuti munthu mmodzi sangadziwe bwino mitundu yonseyo.

Masabata 8 asanakwane, ayi

Kagalu kamabadwa kosaona ndi kosamva, ndipo maso amatseguka pakati pa masiku 10 ndi 14. Mano amayamba kutuluka pa masabata atatu, nthawi yomwe kamayambanso kulawa chakudya chofewa. Ogulitsa ena akangoona kuti kayamba kudya amati kakwana kugulitsa. Uku n'kulakwitsa kwakukulu. Pakati pa masabata atatu ndi 12 ndi pamene kagalu kamaphunzira kukhala ndi agalu anzake komanso anthu. Posewera ndi abale ake kamaphunzira kuti kuluma kwambiri kumapweteka, ndipo make amakalanga kakapyola malire. Kagalu kochotsedwa pa masabata anayi kapena asanu kamasowa maphunziro amenewa, ndipo nthawi zambiri kamakula kamantha, kolira usiku ndi kolumaluma.

N'chifukwa chake madokotala a ziweto amalangiza kuti kagalu kasachoke kwa make masabata 8 asanakwane. Ku England ili ndi lamulo kwa oweta a ziphaso. Kuyambira mu Epulo 2020 dzikolo lidaletsanso anthu apakati kugulitsa tiagalu tosakwana miyezi isanu ndi umodzi, pansi pa lamulo lodziwika kuti Lucy's Law, kotero wogula amayenera kupita kwa woweta mwiniwake kapena kumalo osungirako nyama zosowa eni.

Mano amathandiza kudziwa msinkhu. Kagalu ka masabata 8 kamakhala katamera mano ake onse a ubwana, omwe ndi 28, kamayenda molimba ndipo kamadya kokha. Woweta wabwino amagwiritsa ntchito masabata amenewa kuzolowetsa tiagalu kugwidwa ndi anthu, kumva phokoso la pakhomo ndi kuona ana. Kagalu koleredwa chotero kamathamangira mlendo mwachidwi.

Khadi la katemera

Nthenda yomwe imapha tiagalu tambiri tongogulidwa kumene ndi parvo. Kagalu kamasiya kudya, kamasanza, kamatsegula m'mimba mwa magazi ndi mwa fungo loipa, ndipo kakapanda kuthandizidwa kamafa m'masiku ochepa. Kachilombo kake kamatha masiku angapo m'thupi zizindikiro zisanaoneke, choncho kagalu kooneka bwino pa tsiku logula kakhoza kudwala sabata yomweyo. Kachilomboka kamakhalanso m'dothi miyezi yambiri, moti pakhomo pamene pafera kagalu ka parvo pamakhala pangozi kwa kagalu kena kosabayitsa. Rottweiler ndi German Shepherd ali m'gulu la mitundu yomwe nthendayi imaisautsa kwambiri.

Katemera woyamba, woteteza ku parvo, distemper ndi matenda a chiwindi, amaperekedwa pa masabata 6 mpaka 8. Amabwerezedwa pakatha masabata awiri mpaka anayi alionse kufikira kagalu katakwanitsa masabata 16. Kubwerezaku kuli ndi chifukwa: chitetezo chomwe kagalu kadayamwa kwa make chimatha kulepheretsa katemera woyamba, ndipo nthawi yomwe chitetezocho chimathera imasiyana kagalu ndi kagalu. Choncho wogulitsa amene akunena kuti kagalu ka masabata 8 kadamaliza katemera yense sakunena zoona. Mankhwala a njoka zam'mimba amayamba pa masabata awiri, n'kumabwerezedwa masabata awiri alionse m'miyezi yoyambirira.

Katemera wa chiwewe amaperekedwa kagalu kakafika masabata 12, kutanthauza kuti nthawi zambiri udindowu umagwera wogula. Nkhani ya chiwewe si yamasewera. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati nthendayi imapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri a iwo mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onse amaitenga kwa agalu. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies lidabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 ogwira ntchito pofuna kuthana ndi nthendayi. Kagalu kosadziwika kochokera kakhoza kubweretsa chiwewe pakhomo, ndipo amene amasewera nako kwambiri ndi ana.

Khadi lenileni la katemera limakhala ndi tsiku, chomata chochokera pa botolo la mankhwala chokhala ndi nambala yake, siginecha ndi chidindo cha dokotala wa ziweto. Wogula wanzeru amaimbira dokotalayo kuti atsimikize. Katemera amayenera kusungidwa pozizira, pakati pa madigiri 2 ndi 8. Wobayidwa ndi munthu wamba, atakhala m'thumba tsiku lonse kapena m'firiji yomwe idazima ndi magetsi, akhoza kukhala wopanda mphamvu.

Kuyang'ana kagalu mwiniwake

Zonsezi zikakhala bwino, ndi pamene wogula angatembenukire kwa kagalu. Maso akhale owala, opanda manthongo, ndipo mphuno isatuluke mamina. Nkhama zikhale zofiirira. Zikayera ndiye kuti magazi ndi ochepa, mwina kaamba ka njoka zam'mimba, nthata kapena matenda a nkhupakupa. Mimba yotupa pa thupi loonda imasonyezanso njoka zam'mimba. Khungu lisakhale ndi mphere kapena zipere, kumatako kukhale kouma, ndipo pamchombo pasakhale chotupa. Kagalu kayende popanda kutsimphina ndipo katembenuke munthu akawomba m'manja.

Kagalu kongokhala phee pakona kamachititsa chifundo, koma kufatsa koteroko nthawi zambiri ndi matenda kapena mantha. Ndi bwino kupita ndi kagalu kwa dokotala wa ziweto m'masiku awiri kapena atatu oyambirira, ndipo woweta wodalirika savutika kulonjeza kuti dokotala akapeza vuto lalikulu adzakalandira ndi kubweza ndalama.

Woweta wabwino amafunsa mafunso

Chizindikiro chomwe ambiri sachiyembekezera ndi chakuti woweta wabwino nayenso amafufuza wogula. Amafuna kudziwa ngati pakhomo pali mpanda, ngati pali ana aang'ono, amene adzasamale galuyo eni ake akapita kuntchito, komanso ngati mwininyumba amalola agalu. Amatha kukana kugulitsa Boerboel kwa munthu amene akufuna kumumangirira pa tcheni masana onse. Wogula asakhumudwe ndi mafunsowa. Amaonetsa kuti munthuyo akuganizira za tsogolo la galu wake.

Woweta wotere amafotokoza chakudya chomwe kagalu kazolowera, ndipo ena amapereka chakudya cha masiku ochepa kuti m'mimba musasokonezeke. Amapereka lisiti ndi pepala la mgwirizano lonena tsiku lobadwa, mayina a makolo, katemera amene waperekedwa ndi zoyenera kuchitika kagalu kakadwala. Amalola wogula kulankhula ndi anthu ena omwe adagulapo agalu kwa iye. Foni yake siizima akangolandira ndalama, ndipo ambiri amanena kuti mwini akadzalephera kusunga galuyo amubweze kwa iwo.

Zoyenera kuthawa

Wogulitsa amene akukana kuti wogula afike pakhomo, n'kumati akumane pamalo omwetsera mafuta kapena pa siteji ya minibasi, ali ndi chobisa. Chimodzimodzi amene nthawi zonse amati mayi wa tiagalu watuluka, amene akuti mapepala abwera pambuyo, kapena amene akukakamiza wogula kuti alipire msanga chifukwa pali wina akufuna kagalu komweko. Palinso akuba a pa intaneti amene amatenga zithunzi za agalu a anthu ena, n'kuuza wogula kuti atumize ndalama ya chikole pa foni, kenako osapezekanso. Ndalama isatuluke munthu asanaone kagalu ndi maso.

Kugula kagalu ka mumsewu pochitira chifundo kumapulumutsa kamodzi koma kumalimbikitsa malondawo, chifukwa mawa wogulitsayo abweretsa kena. Mabungwe oteteza nyama monga Lilongwe Society for the Protection and Care of Animals, lomwe limadziwika kuti LSPCA, akhala akudzudzula mchitidwe wogulitsa nyama m'misewu, kumene tiagalu timakhala padzuwa popanda madzi.

Amene akuitanitsa galu kuchokera kunja, monga ku South Africa, ayenera kusamala koposa popeza sangathe kufika pakhomo pa woweta. Atsimikize ku bungwe la kaundula kuti wowetayo ndi makolo a kagaluko alembedwadi, apemphe kuona kagalu ndi make pa foni ya kanema nthawi yomweyo, ndipo atenge chilolezo cholowetsera nyama m'dziko ku nthambi ya boma yoona za umoyo wa ziweto. Galu wolowa mozemba amaika pachiswe ziweto ndi anthu.

Udindo wa zaka zambiri

Ngakhale woweta atakhala wabwino chotani, mtundu wa galu uyenera kugwirizana ndi pakhomo. German Shepherd wamphongo amalemera makilogalamu 30 mpaka 40 ndipo amafuna kuyenda ndi kuphunzitsidwa tsiku ndi tsiku. Boerboel wamphongo amatha kupyola makilogalamu 60, ndipo sangakule bwino ndi makombo a nsima okha. Jack Russell ndi wamng'ono koma sakhazikika. Mtengo wogulira ndi gawo lochepa chabe la ndalama zomwe zidzapite ku chakudya, katemera, mankhwala a nkhupakupa ndi kwa dokotala pa zaka 10 kapena kuposerapo.

Amene sangakwanitse zimenezi ali ndi njira ina. Agalu amakolo adazolowera nyengo ya kuno, ndipo akadyetsedwa, kubayitsidwa ndi kuphunzitsidwa amalondera bwino. Mabungwe oteteza nyama amakhalanso ndi agalu osowa eni omwe amaperekedwa kwa mabanja oyenera.

Kwa amene watsimikiza za mtundu weniweni, chofunika ndi kudekha. Oweta abwino sakhala ndi tiagalu nthawi zonse, ndipo wogula akhoza kudikira miyezi ingapo. Madokotala a ziweto ndiwo poyambira pabwino pofufuza, chifukwa amadziwa makomo amene agalu awo amabwera kudzabayitsa ndi amene amangobwera atadwala. Paja safunsa adadya phula. Miyezi yodikira ndi yochepa poyerekeza ndi zaka zomwe galuyo adzakhale pakhomo, pakati pa ana.